Ndinalemba Mayeso ndi Layini ya ku Mozambique

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ku koleji ndi mbiri yoti ndine wobera mayeso, chonsecho mayesowo ndinalemba ndekha ndi zala zangazi. Kuchotsedwa sindinachotsedwe, koma chaka chathunthu chinapita m'madzi, ndipo tsiku limene anzanga ankavala mikanjo ine ndinali kumudzi kupeta nandolo. Kwa nthawi yaitali ndinkaloza chala netiweki, tsiku lina mliri, tsiku lina mayi anga. Lero ndikuuzani mmene zinayendera popanda kudzikometsera. Ngati kwanu ndinu woyamba kuponda ku koleji, ndipo sukulu yanu yalowa m'foni, nkhaniyi ndi yanu.

Kwathu ndi kufupi ndi Muloza, malo oti ukaima pakhonde nyumba za ku Milange, m'dziko la Mozambique, umaziona bwinobwino. Mayi anga anabadwira tsidya limenelo. Anaoloka ali kamtsikana pothawa nkhondo, anakulira kuno, n'kukwatiwa ndi bambo anga amene ankathyola tiyi ku esiteti mpaka pamene anatisiya. Sukulu mayi sanaiponde, ndipo kusaina amasaina ndi chala. Koma pa malonda musawayese dala. Amapikula nyemba, nandolo ndi chimanga kwa anthu a tsidya n'kumagulitsa pa msika wa pa boda, ndipo ndi matumba amenewo anandiphunzitsa mpaka ndinasankhidwa kukachita za uphunzitsi ku koleji ina ya m'tauni. Pa mtundu wathu wonse, kuno ndi tsidya lomwe, panalibe amene anafikako. Kudzimva kwake, ndisakunamizeni, ndinkayenda ngati msewu wa tala anandiikira ine.

Ndili chaka chomaliza kunagwa mliri wa korona uja. Koleji anatseka, n'kutiuza kuti aliyense apite kwawo, maphunziro tizichitira pa intaneti. Dongosolo lake linali lotere: m'mawa mphunzitsi amalowa pa intaneti, ife timalowanso pa mafoni athu n'kumamumvera ndi kufunsa mafunso. Akamaliza, phunzirolo amalisiya pomwepo lojambulidwa, kuti amene wavutika ndi netiweki adzalionere pambuyo pake. Ankachitira chifundo anthu ngati ife a kumudzi. Ine chifundo chimenecho ndinachisandutsa mphasa yogonapo.

Pali chinthu chimene sindinkachidziwa za ine mwini. Ndinkadziyesa wolimbikira sukulu, koma zoona zake n'zakuti ku koleji ndinkangokankhidwa. Mnzako wa m'chipinda wadzuka, ndowa zikugundana kubafa, ena akuthamanga ndi mabuku, iwenso manyazi amakudzutsa. Kumudzi kulibe wokuthamangitsa. Palibe amene amadziwa kuti kalasi yayamba, palibenso amene adzakufunse kuti lero mwaphunzira chiyani. Mnzanga amene bambo ake ndi mphunzitsi ankandiuza kuti kwawo akamuona panja m'mawa amamufunsa kuti, kodi lero mulibe kalasi? Kwathu funso limenelo linalibe wolifunsa.

Poyamba ndinayesetsa ndithu. Netiweki ya kuno ku Malawi pakhomo pathu imabwera mwa apo ndi apo chifukwa cha phiri, moti pofuna kuigwira bwino ndinkapita kukakhala pa chulu china kuseri kwa tchalitchi. Ndinkayala thumba, kuika mahedifoni m'makutu, n'kumamvera mawu a mphunzitsi akudukaduka. Nyerere nazo zinkandilowa m'chitenje. Amayi opita kudambo akamadutsa ankaseka n'kumati, "Madamu, bambowo sanaimbebe mpaka pano?" Ine mtima unkawira. Munthu wa chaka chomaliza ku koleji, kumasekedwa pa chulu ngati mbuzi yosokera!

Mayi anga nawo ataona kuti ndili pakhomo, anangodziwa kuti sukulu yatsekedwa basi. Kwa iwo sukulu ndi nyumba yokhala ndi mabenchi, mphunzitsi ataima kutsogolo ndi choko. Mwana amene wakhala pansi n'kumayang'ana foni ndiye kuti alibe chochita. Ndiye ankandituma monga kholo lililonse: lero kuchigayo, mawa kukathyola nandolo, mkuja tiperekezane ku msika ukandigwirire kuyeza nyemba. Apa mumvetsetse bwino inu owerenga, chifukwa ndi pamene panagona nkhani yonse. Sindinakhale nawo pansi ngakhale tsiku limodzi kuwafotokozera kuti amayi, sukulu sinatsekedwe, yangosamukira m'foni muno, ndipo m'mawa ndimakhala m'kalasi. Ndinkangoyankha kuti chabwino amayi, mumtima n'kumati phunzirolo ndidzaonera pambuyo.

Ndinkadzinamiza kuti ndi ulemu, mwana sakanira kholo. Koma ku msika kunkandikomera. Kumeneko ndinali madamu. Anthu ankabwera ndi mafoni awo kuti ndiwawerengere mauthenga achingerezi, anyamata a kabaza ankandipatsa moni mochotsa chipewa, osintha ndalama ankandifunsa za m'tauni. Miseche yonse ya pa boda inkandipeza ndili pa thumba la nyemba. Ndani akanasiya zimenezo kukakhala ndi nyerere?

Kenako kunabwera msuweni wanga Alfredo, mwana wa amalume a ku Milange. Iyeyu amayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, ndipo kuoloka malire kwa iye kuli ngati kupita kuseri kwa nyumba. Atamva za chulu chija anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anatulutsa layini ya foni ya kwawo n'kundipatsa. "Pirima, ukuzunzikiranji? Ika iyi. Mamega ake ngotchipa, ndipo imagwira mpaka pansi pa bedi." Pirima ndi mmene amaitanira msuweni wamkazi tsidya lija, mamega ndiye mabandulo a intaneti. Panalibe chachilendo pamenepo. Kwathu kuno pafupifupi aliyense ali ndi malayini awiri, mayi anga omwe, abusa athu omwe, chifukwa nsanja ya netiweki ya ku Milange timaiona ndi maso pamene yathu inabisala kuseri kwa phiri.

Layini ija inagwiradi. Kuyambira tsiku limenelo ndikanatha kulowa kalasi iliyonse ndili pa bedi langa. Mukuganiza kuti ndinatero? Chimene ndinkachita n'chakuti madzulo ndikabwera ku msika ndinkatsitsa phunziro la tsikulo n'kulisunga m'foni. Ndikaona kuti lalowa, mtima unkakhala pansi ngati ndaphunzira kale. Ndikatero ndinkatsegula timafilimu toseketsa, nyimbo, ndi amayi ophunzitsa kuluka tsitsi. Maphunziro anaunjikana osatsegulidwa mpaka foni inadzaza. Itadzaza ndinayamba kufufuta akalekale, osawaonera n'komwe, kuti ndipeze malo oika atsopano amenenso sindinawaonere.

Ndinali ndi mnzanga wa kalasi imodzi, Estere wa ku Thuchila. Kwawonso anali woyamba kupita ku koleji, ndipo mavuto a netiweki anali nawo, koma iye m'mawa uliwonse ankapalasa njinga kukakhala pakhonde la sitolo ina pamene pankagwira bwino. Tsiku lina anandiimbira. "Iwe, uli moyo koma? M'kalasi sukuonekatu, ndipo madamu a maphunziro a kaphunzitsidwe afunsa za iwe." Ine pakamwa panga ndi pamene pamandipweteketsa. Ndinamuyankha kuti ine si mwana wa pulayimale woti azindiitana dzina m'mawa uliwonse, aliyense ali ndi kawerengedwe kake. Anangoti chabwino. Gulupu ya kalasi ya pa foni nayonso ndinaitseka pakamwa, ati mauthenga achuluka, akundithera chaji.

Miyezi inapita choncho. Chondidzidzimutsa chinali uthenga wa Estere woti masiku a mayeso atuluka, ndipo tilembera pa intaneti pomwepo. Ndinatsegula foni n'kuyang'ana mulu wa maphunziro aja. Ngakhale ndikanati ndizionera osadya osasamba, sindikanawamaliza. Manyazi ndinawaika pambali n'kumupempha Estere kuti andijambulire manotsi ake onse. Mtsikana uja ndi wamtima wabwino, ananditumizira osandikumbutsa mawu anga aja.

Tsono ndinafunika nthawi yowerenga, ndipo apa ndinawonjeza cholakwa pa cholakwa. M'malo mowauza mayi zoona, ndinati ndikumva malungo. Ndinadzitsekera kuchipinda n'kuyamba kuloweza manotsi a Estere mzere ndi mzere, osamvetsa, kungomeza. Mayi ankandiphikira phala, kundigulira mankhwala ku golosale, n'kupita okha ku msika atasenza thumba pamutu. Akandipeza ndi foni ndi mapepala ankandidandaulira kuti mwanawe, mutuwo upumitse. Tsiku la mayeso litayandikira ndinangowauza mwachidule kuti a ku koleji atitumizira mayeso pa foni. Anadabwa, koma anakondwa kuti sanatiiwale.

Sabata ya mayeso kunagwa chiperoni. Phiri lonse linasowa m'nkhungu, kamvula kosaleka, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinaganizira anzanga amene akunjenjemera pa zulu ndi m'makonde a masitolo, ine ndili m'bulangete ndi layini ya Alfredo ikugwira bwinobwino. Mayeso ake anali oti ukatsegula, mafunso amabwera, pamwamba wotchi ikuwerenga chobwerera, nthawi ikatha tsamba limadzitseka lokha. Ndinkalemba zala zikuterereka pa galasi la foni, kuthamangitsa zimene ndinalowezazo zisanathawe. Mayi ankalowa mwakachetechete, kuika kapu ya tiyi pambali, n'kutuluka chonyang'ama. Mwamwayi, kapena ndinene mwatsoka, mafunso ambiri anachokera momwe ndinaloweza. Nditamaliza pepala lomaliza ndinadzitama kuti anzanga aja anangotaya nthawi, sukulu imafuna mutu.

Zotsatira zitatuluka, aliyense anaona zake kupatula ine. Pa dzina langa panangolembedwa kuti zaimitsidwa. Ndinati mwina ndi makina. Uthenga weniweni unandipeza ndili pa msika, ndikuyeza nyemba m'chigoba. Unkati ndikaonekere pamaso pa komiti yoona za mwambo, chifukwa pali chikayiko choti mayeso anga anandilembera munthu wina ali kunja kwa dziko la Malawi. Ndinawerenga kachiwiri. Nyemba zinatayikira pansi, mayi wina amene ankagula n'kumandikalipira ine osamva n'komwe.

Ndinathamangira kuseri kwa mashedi kukamuimbira Estere. Funso lake loyamba linali lakuti, "Unalemba ndi layini iti?" Nditamuuza anafuula kuti, "Mayo ine, iwe! Nkhani imeneyi anainena m'kalasi mobwerezabwereza, pa gulupu anaikanso." Anandifotokozera kuti m'mbuyomo ophunzira ena anagwidwa atalemba ganyu anthu a kunja kuti awalembere mayeso, ndiye koleji inalamula kuti mayeso onse alembedwe pa netiweki ya m'dziko muno. A m'malire ngati ife sanatiiwale ayi. Anati amene amadalira layini ya dziko lina anene msanga, amupezera malo pa sukulu ina yapafupi kuti akalembere kumeneko. Ena a ku Mchinji ndi ku Mwanza ananena, ndipo anathandizidwa. Ine chenjezo lonselo linali m'maphunziro aja ndinkasunga ndi kufufuta.

Ndinafunsa Estere kuti akakupeza wolakwa pa mlandu wotere amakutani. Anati amakuchotseratu, ndipo zaka zonse zimene waphunzira zimathera pomwepo, palibe pepala lililonse limene umatenga. Inu owerenga, masiku amenewo chakudya sichinkatsika. Ndikayang'ana khosi la mayi anga, mitsempha itatuluka ndi kusenza matumba, ndinkafuna kulowa pansi.

Kubisa kunakanika chifukwa mayi anaona kuti ndikuwonda. Ndinawauza, koma theka lokha: ati ndinabera mayeso chifukwa ndinalemba ndi layini ya Alfredo. Za kalasi sindinatchule. Mayi anapsa mtima koopsa. Anati iwo anandiona ndi maso awo ndikulemba ndekha, ndikudwala malungo, ndipo apita nawo kukawauza akuluakuluwo. Ndinayesa kuwakaniza. Ndinkati ulendo ndi wautali, malonda aima. Chenicheni n'chakuti ndinkaopa zimene akamve kumeneko, komanso, Mulungu andikhululukire, ndinkachita manyazi ndi Chichewa chawo chosakanikira Chilomwe pamaso pa anthu ophunzira. Sanandimvere. Anavala nsalu yawo ya ku tchalitchi, tinakwera minibasi.

Ku koleji mayi anawasiya pa benchi panja. Ine anandilowetsa m'chipinda cha tebulo lalitali. Onse anali atavala masiki, moti ndinkangoona maso okhaokha. Wapampando anali bambo wina wa imvi, ndipo pambali pake panali madamu aja a maphunziro a kaphunzitsidwe, amene ankafunsa za ine kwa Estere. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Bambo aja anangoyatsa makina n'kuonetsa pakhoma mmene ndinkalowera m'kalasi. Masabata oyambirira ndinkaoneka, kenako osaonekanso, miyezi yonse. Kenako mwadzidzidzi mayeso onse alembedwa kuchokera ku Mozambique, ndipo malikisi ake ali pakati pa apamwamba m'kalasi monse.

"Mutakhala inuyo pampando uno," anatero bambo aja, "mungaganize chiyani?"

Ndinafotokoza za kwathu, za phiri, za chulu. Anagwedeza mutu n'kunena kuti za m'malire akuzidziwa, n'chifukwa chake anapereka mwayi woti munthu anene. Nanga ine sindinanene bwanji? Ndinati sindinamve. Sindinamve bwanji zinthu zonenedwa m'kalasi? Anafunsa kuti layiniyo ndi ya yani, ndinati ya msuweni wanga. Ali kuti? Ku Milange. Ndinaona maso aja akuyang'anizana pamwamba pa masiki, ndipo ndinadziwa kuti yankho lililonse loona limene ndikupereka likundimiza.

Apo madamu aja anati njira yachidule ilipo. Anatenga limodzi la mayankho anga, lonena za mmene mphunzitsi angadziwire ngati ana amvadi phunziro, n'kundiuza kuti ndilifotokoze pakamwa. Ndinayamba bwino, mawu a m'manotsi a Estere akutuluka mwa apo ndi apo. Anandidula mwaulemu. "Chabwino. Tsono tiyerekeze muli ndi kalasi ya ana ambiri, ena kumbuyo sakuyankha. Zimene mwanenazo mungazichite bwanji? Tipatseni chitsanzo chimodzi." M'mutu munangoti zii. Zinthu zoloweza pa sabata imodzi zinali zitapita kalekale, ndipo pansi pake panalibe kanthu. Ndinkamva wotchi ya pakhoma ndi kupuma kwanga m'masiki. Anandifunsa funso lina losavuta, limenelonso ndinangoligwira mchira. Misozi inayamba kunyowetsa masiki, ndipo ndinaona bambo a imvi aja akulemba kanthu.

Anafunsa ngati pali wina amene angandichitire umboni. Ndinati mayi anga ali panja.

Mayi analowa atagwira kachikwama kawo ndi manja awiri. Anawapatsa mpando, anakhala m'mphepete mwenimweni. Koma analankhula molimba mtima. "Mabwana, ine sukulu sindiidziwa. Koma mwana uyu analemba yekha, m'nyumba mwanga, ine ndikumuikira tiyi. Alfredo amene mukumunenayo ngwa njinga, Chingerezi sachidziwa olo pang'ono. Layini ya tsidya tonse tili nayo, iyi yanga." Anatulutsa kafoni kawo ka mabatani n'kukaika pa tebulo.

Bambo aja anawafotokozera modekha kuti nkhani si layini yokha, komanso mwana wawo sanalowe m'kalasi miyezi yambiri, pamene anzake ankaphunzira m'mawa uliwonse pa foni. Ndinaona mayi akukwinya pamphumi, kuyesa kumvetsa. Kenako anadzigunda pachifuwa. "Ngati ndi choncho, wolakwa ndine. Ndine ndinkamutuma. Kuchigayo ndine, ku msika ndine. Mulange ine, mwanayu musiyeni."

Madamu aja anawayang'ana mwachifundo n'kufunsa kuti, "Mayi, kodi anakuuzanipo kuti m'mawa amakhala m'kalasi, inu n'kumukakamiza kuti apitebe ku msika?"

Mayi anatembenuka kundiyang'ana. Inu owerenga, ndakumana ndi zowawa pa moyo wanga, koma maso amenewo sindidzawaiwala. Mumtima ndinkakuwa kuti amayi, ingonenani kuti eya. Bodza limodzi lokha likanandipepukitsira mlandu. Koma mayi anga sanama, ngakhale pa muyezo wa nyemba.

"Ayi," anatero motsitsa mawu. "Sanandiuzepo. Ine ndinkadziwa kuti sukulu anatseka."

Anatitulutsa kuti akambirane. Tinakhala pa benchi ija moyandikana. Mayi ankangopinda ndi kutambasula ngodya ya nsalu yawo. Chitseko chikangolira ine ndinkacheuka. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ndipo ndinalonjeza Mulungu zinthu zambiri.

Atatiitananso, bambo a imvi anati komiti sinapeze umboni wokwanira woti wina anandilembera, choncho sandichotsa. Koma anapitiriza kuti ndinaphwanya lamulo la mayeso, sindinalowe m'kalasi monga zimafunikira, ndipo zaonekeratu pamaso pawo kuti zimene ndinalembazo sindikuzidziwa. Zotsatira zonse azifufuta, ndibwereze chaka chonse. Madamu aja anawonjezera mawu amodzi okha, kuti sangandipatse ana a eni ake kuti ndiziwaphunzitsa zinthu zimene ine mwini sindinaziphunzire. Ndinafuna kuwada madamu amenewo, koma ndinasowa powadera.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Tinadutsa pa Thuchila ine n'kuweramitsa mutu kuopa kuti Estere angandione. Tinadutsa minda ya tiyi, tinatsika pa siteji, tinayamba kuyenda kanjira ka kwathu. Ndi pamene mayi anaima.

"Mwanaka," anatero, monga amandiitanira m'Chilomwe nkhani ikakhala yaikulu, "ine kuwerenga sindidziwa, koma makutu ndili nawo. Ukanangoti amayi, kukacha ndimakhala m'kalasi, matumba aja ndikanasenza ndekha. Ndinayamba kusenza iwe usanabadwe." Tinayenda pang'ono, anaimanso. "Nanga malungo aja?" Ndinayang'ana pansi. Sanafunsenso china.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mayi anali atauza kale anthu kuti chaka chino mwana wawo akumaliza. Amayi anzawo a ku tchalitchi ndi a pa msika anali atasankha nsalu yofanana yoti adzavale pa tsikulo, ena anali atasoketsa kale, ndipo abale a ku Milange ankakonzekera kudzaoloka. Ndinati ndipite ndikawauze ndekha. Mayi anakana. Anayenda okha khomo ndi khomo, ndipo sindikudziwa kuti ankanena mawu otani. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa msika palibe amene ananditonza, kungoti dzina la madamu lija linazilala lokha. Estere atavala mkanjo wake ananditumizira chithunzi. Ndinamuyamikira ndi mtima wonse, kenako ndinakalira kuseri kwa nkhokwe.

Tsono ndikupempheni inu amene mukuphunzira pa foni muli kwanu. Phunziro limene mwalisunga m'foni simunaliphunzire, musadzinamize. Lowani m'kalasi nthawi yake, ngakhale pakhale pa chulu, ngakhale akusekeni, chifukwa zina zimene zimanenedwa mmenemo si za m'buku, ndipo simudzazipeza m'manotsi a mnzanu. Mnzanu akakuimbirani kuti simukuoneka, musamulume, ameneyo ndiye m'bale. Inu a m'malire, layini ya tsidya ndi yabwino pocheza, koma musanalembere mayeso funsani kaye ku sukulu kwanu. Ndipo koposa zonse, khalani pansi ndi makolo anu muwafotokozere mmene sukulu yanu ikuyendera. Kholo losaphunzira silingakuthandizeni kuwerenga, koma likhoza kukutetezerani nthawi kuposa munthu wina aliyense, likangodziwa. Musalisiye mumdima kuti mudzapeze ponamizira.

Ine chaka chija ndinabwereza, mbali ina ku koleji, mbali ina pa foni kunyumba, ndipo ndinamaliza. Mayi sanandinyoze ngakhale kamodzi. M'mawa sankanditumanso, alendo ankawabweza okha pakhomo. Koma nthawi iliyonse akandipeza nditagwira foni ankaima pakhomo la chipinda n'kufunsa kuti, "Imeneyo ndi sukulu?" Ndikati eya amayi, sankachoka msanga. Ankayandikira, kuyang'anitsitsa pa galasi la foni, pa zilembo zimene sangathe kuziwerenga, kenako n'kuyang'ana nkhope yanga. Chaka chotayika chija ndinachipezanso, koma mayi amene ankakhulupirira mawu anga osayang'ana kawiri, amenewo sindinawapezenso. Inu anu akadakukhulupirirani, auzeni zoona lero.